KALALIKI WA KU BANKU AKAMAGONA NDI MANTHA, MLIMI ASASEKE

Mlimi wa ku Domwe akagulitsa mbatata yake ya kachewere, kapena wa ku Furancungo akalandira ndalama za fodya, tsiku lina amapezeka ataima pa bicha ya ku banku. Pamene akudikira, maso ake amagwera pa mnyamata kapena mtsikana amene wakhala kuseri kwa galasi, wovala bwino, akuwerenga ndalama ndi zala zosadziwa mpini wa khasu. Mumtima mlimi uja amati ameneyu ndiye anabadwa ndi mwayi, pakuti ntchito yake siiopa chilala kapena matalala, ndipo mwezi ukatha malipiro salephera. Chimene mlimi saona nchakuti ambiri mwa antchito a m'mabanku aakulu amagona ndi mantha. Mawu akangomveka kuti banku ikugulitsidwa, kapena ikuphatikizidwa ndi inzake, kapena eni ake akufuna kuikonzanso, kalaliki aliyense amayamba kudzifunsa ngati dzina lake lili pa mndandanda wa ochotsedwa ntchito.

M'midzi ya m'malire muno, kuyambira ku Zobwe, Tsangano, Angónia, Macanga mpaka ku Chifunde, alipo anthu amene akamva zimenezi amangoti imeneyo ndi nkhani ya anthu a m'tauni, asenze okha mavuto awo monga mmene amadyera okha malipiro awo. Maganizo amenewa ngolakwika. Kalaliki wa ku banku akakhala ndi mantha, ndalama za mlimi sizili pabwino. Nthambi za banku zikayamba kutsekedwa, yoyamba imakhala ya ku disitiritu, ya ku Maputo imatsala. Ndipo malipiro a munthu mmodzi akaduka ku Tete kapena ku Beira, moto umazima m'nyumba zingapo kumudzi. Mbiri ya mabanku a dziko lino inaonetsa kale zimenezi, ndipo nkoyenera kuikumbukira, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ufulu utabwera mu 1975, pafupifupi mabanku onse analowa m'manja mwa Boma. Kumapeto kwa 1977 kunakhazikitsidwa Banco Popular de Desenvolvimento, imene anthu ankangoitchula kuti BPD. Imeneyi inali banku ya anthu wamba, ya nthambi zambiri kuposa ina iliyonse, kumene mphunzitsi, namwino ndi mlimi ankasungitsa tindalama tawo ndi kabuku m'manja. Mu 1992, chaka chimene nkhondo inatha ndi mgwirizano wa ku Roma, Banco de Moçambique inasiya ntchito za malonda nkutsala ndi udindo woyang'anira mabanku ena, ndipo gawo lake la malonda linasanduka Banco Comercial de Moçambique, mwachidule BCM. Masiku amenewo munthu wolembedwa ntchito m'mabanku awiriwa ankadziona kuti wapeza pokalambira, chifukwa ntchito ya Boma inkatha ndi ukalamba kapena imfa basi.

Zinthu zinatembenuka pamene Banco Mundial ndi FMI, mabungwe amene ankakongoza dziko lino ndalama chiyambire pulogalamu ya PRE mu 1987, anaumirira kuti mabanku a Boma agulitsidwe. BCM inagulitsidwa mu 1996 kwa gulu la amalonda limene munali Apwitikizi. BPD inagulitsidwa mu 1997 kwa gulu limene munali Southern Bank Berhad ya ku Malaysia pamodzi ndi amalonda a dziko lino, ndipo inapatsidwa dzina latsopano la Banco Austral. Kuyambira pamenepo mawu akuti kuchepetsa antchito analowa m'mabanku, monga analowera m'mafakitale a kaju ndi ku kampani ya njanji ya CFM, kumene anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito m'zaka zimenezo ndi zotsatira zake.

Koma chimene chinadwalitsa mabanku awiriwa sanali malipiro a akalaliki. Ku BCM, mu 1996 momwemo, kunabedwa metikali akale 144 biliyoni, pafupifupi madola 14 miliyoni a ku America. Mtolankhani Carlos Cardoso, amene ankafufuza nkhaniyi m'nyuzipepala yake ya Metical, anaphedwa ndi mfuti ku Maputo pa 22 Novembro 2000. Ku Banco Austral ngongole zikuluzikulu zinkaperekedwa kwa anthu odziwika amene sankabweza. Pofika Abril 2001 dzenje linali litakula kotero kuti eni ake atsopano aja anasamba m'manja nkubweza banku kwa Boma. Banco de Moçambique inatumiza mkulu wake woyang'anira mabanku, António Siba-Siba Macuácua, kuti akaikonze. Iye anayamba kulondola angongole, ndipo mayina oposa 1,000 anasindikizidwa m'nyuzipepala ya Notícias. Pa 11 Agosto 2001 anaphedwa, ataponyedwa pansi kuchokera pamwamba pa nyumba yosanja ya likulu la banku yomweyo. Katswiri wina wolemba za chuma cha Moçambique, Joseph Hanlon, analemba mu 2001 kuti ndalama zoposa madola 400 miliyoni zinasowa m'mabanku a dziko lino m'zaka za m'ma 1990.

Tsono funso nlakuti analipira ndani. Boma linatenga ngongole kuti litseke maenje a mabanku awiriwa, ndipo ngongole ya Boma imabwezedwa ndi msonkho wa anthu onse, kuphatikizapo mayi amene amalipira chiphaso pa msika wa ku Ulongwe, amene sanaonepo ndi khomo lomwe la Banco Austral. Pambuyo pake BCM inaphatikizidwa ndi BIM mu 2001, imene lero ikutchedwa Millennium bim. Banco Austral inagulidwa ndi ABSA ya ku South Africa, nkusanduka Barclays mu 2007, nkutenga dzina la Absa mu 2019. Mabanku awiri akaphatikizana, nthambi ziwiri zoyandikana pamsewu umodzi zimasanduka imodzi, ndipo mipando ya antchito imachepa. Mwini watsopano akafika, choyamba chimene amawerenga ndi mitu ya antchito. Choncho amene anadya ndalama ndi ena, amene analipira ndi ena, ndipo amene ankagona osadziwa ngati mawa adzapeza mpando wake ndi enanso. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo angongole ambiri a masiku amenewo anali atakhaladi pa mkhate.

Apa ndi pamene mantha a kalaliki amakhudzira thumba la mlimi. Wakuba wa mu banku safuna nkhwangwa kapena mdima wa usiku. Iye amaba ndi mapepala masana, ndipo pepala lililonse limadutsa m'manja mwa wantchito. Alipo amene amaona kuti cheke ichi chilibe ndalama kumbuyo kwake, alipo amene amaona kuti ngongole iyi yaperekedwa popanda chikole, aliponso amene amaona kuti siginecha iyi si ya mwini wake. Wantchito wodziwa kuti ntchito yake ndi yotetezeka angathe kuimika pepala nkufunsa. Koma wantchito amene wamva kuti mwezi wamawa anthu achotsedwa, ndipo amene adzasankhe mayina ndi mkulu yemweyo amene wamubweretsera pepalalo, amadinda mwakachetechete nkuyang'ana kumbali. Ali ndi ana kusukulu ndi lendi ya nyumba, ndipo anaona zimene zinagwera Siba-Siba, munthu wamkulu wotumidwa ndi Banco de Moçambique yeniyeniyo. Banku yodzaza ndi antchito amantha ili ngati nkhokwe imene alonda ake anauzidwa kuti woyamba kukuwa ndiye achotsedwe.

Sikuti antchito onse a m'mabanku ndi oyera m'manja ayi. Mwa anthu 6 amene khoti linawapeza olakwa mu 2003 pa imfa ya Carlos Cardoso, mmodzi anali mkulu wa nthambi ya BCM kumene ndalama zija zinabedwera. Kumidzi kuno aliponso anthu amene anakumanapo ndi kalaliki wamwano, wonyoza munthu chifukwa cha zovala zake kapena chifukwa chosayankhula Chipwitikizi. Wantchito wakuba achotsedwe ndipo akaonekere kukhoti, wamwano adzudzulidwe. Koma chilango cha wolakwa ndi chinthu china, ndipo kuchotsa anthu 100 osalakwa kuti mabuku a banku aoneke bwino kwa wogula ndi chinthu chinanso.

Nzoonanso kuti banku si tchalitchi, singasunge munthu amene ntchito yake yatha. Masiku ano chimene chikuopsa akalaliki kwambiri ndi makina. Ntchito imene kale inkafuna anthu atatu pa kauntala ikuchitidwa ndi makina otulutsa ndalama pakhoma ndi foni ya m'manja. Mu 2019 Standard Bank ya ku South Africa inalengeza kuti itseka nthambi 91 m'dzikolo ndipo ntchito pafupifupi 1,200 zikhudzidwa, chifukwa anthu ambiri anasiya kupita ku nthambi. Muno mu Moçambique mKesh inayamba mu 2011, M-Pesa mu 2013, kenaka e-Mola, ndipo palibe angakane kuti zathandiza. Mwana wa ku Tete amatumiza ndalama ya mankhwala kwa mayi ake ku Tsangano nthawi yomweyo, popanda kupempha dalaivala wa chapa kuti anyamule envulopu.

Komabe foni ili ndi malire ake. Pamene netiweki yathawa, kapena wothandizira wa pa msika alibe ndalama zokwanira tsiku limene alimi ambiri alandira za fodya, munthu amabwerera chimanjamanja. Foni singakhale pansi ndi gulu la alimi kukambirana ngongole ya feteleza kapena ya pampu yothirira dimba. Bambo akamwalira, mayi wamasiye amafuna munthu wamoyo woti amufotokozere mapepala ofunika kuti atenge ndalama za malemu. Wokalamba akaberedwa ndi atsizinamtole a pa foni, amafuna khomo loti akagogode. Ntchito zimenezi zimafuna munthu wodziwa Chinyanja, wodziwa nyengo ya kubzala ndi ya kukolola, wodziwa kuti mlimi ndalama amaziona kamodzi pachaka. Banku imene imachotsa anthu otere nkusiya makina okhaokha yadzichepetsera ndalama zolipira, koma katunduyo yamusenzetsa mlimi.

Akuluakulu a m'madera ano akukumbukira bwino mmene zinalili mabanku atagulitsidwa. Eni atsopano ankayang'ana phindu, ndipo nthambi za kumidzi, zosunga tindalama tating'ono ta anthu ambiri, sizinkawakomera. Pofika cha m'ma 2006, madisitiritu ochuluka mwa 128 amene dziko lino linali nawo pa nthawiyo analibe nthambi ya banku ndi imodzi yomwe. Aphunzitsi ndi anamwino ankasiya ana m'kalasi ndi odwala pa benchi nkuyenda ulendo wa tsiku lathunthu kukatenga malipiro. Alimi ankakwirira ndalama m'zitini kapena kuzisomeka kudenga, kumene chiswe, makoswe ndi moto zinkagawana nawo. Ena ankasunga makwacha a ku Malawi, nkumaluza pa kusintha nthawi iliyonse kwacha ikagwa. Nchifukwa chake mu 2016 Boma linayambitsa pulogalamu ya Um Distrito, Um Banco, kuti disitiritu iliyonse ikhale ndi banku. Nthambi zimene zinabwera movutikira chotero zingathe kuchokanso mosavuta, ndipo chizindikiro choyamba chimakhala kuchepa kwa antchito. Lero pa kauntala pali anthu anayi, chaka chamawa awiri, bicha italika, anthu atopa nkusiya kubwera, kenaka akuluakulu ku Maputo anena kuti nthambiyo ilibe makasitomala.

Palinso nkhani ya mabanja. Mwana wa kumudzi amene anafika polembedwa ntchito ku banku sanafikepo yekha. Makolo anagulitsa mbuzi ndi matumba a chimanga, ena anaphunzira sukulu ali othawa nkhondo ku Dedza ndi ku Ntcheu, malume anathandiza ndi ndalama ya mayeso. Tsono malipiro ake sadya yekha. Ndi amene amagula feteleza wa munda wa amayi, kulipirira mng'ono wake sukulu ku Tete, kugula malata, ndi kutumiza bokosi pa maliro. Munthu wotere akachotsedwa ntchito ali ndi zaka 45 kapena 50, kupeza ina nkovuta, chifukwa mabanku ena akufuna achinyamata olipidwa pang'ono. Kawirikawiri amakhala alinso ndi ngongole ya nyumba kapena ya galimoto ku banku yomweyo, imene imadya ndalama zake za chipukuta misozi asanazigwire ndi m'manja. Ambiri amabisa kwa abale kwa miyezi, akudzuka m'mawa nkuvala tayi ngati akupita kuntchito, chifukwa cha manyazi.

Asaganize munthu kuti zimenezi zinatha ndi zaka za m'ma 1990. Mu Setembro 2016 Banco de Moçambique inalanda utsogoleri wa Moza Banco itaona kuti ili pangozi, ndipo banku imeneyo inapulumuka itathiridwa ndalama zatsopano mu 2017. Mu Novembro 2016 Nosso Banco inatsekedwa kotheratu. Mwini wake wamkulu anali INSS, bungwe losunga ndalama za ukalamba za antchito a dziko lino. Antchito a banku ija ntchito inawathera pomwepo, ndipo thumba loteteza osungitsa ndalama linkabweza metikali osapitirira 20,000 kwa munthu mmodzi. Apanso wantchito ndi wosungitsa ndalama anagwera m'dzenje limodzi. Chakudza sichiimba ng'oma.

Choyenera kuchitika sichachilendo, chifukwa china chinalembedwa kale m'malamulo. Lamulo la Ntchito nambala 13/2023, limene linayamba kugwira ntchito mu 2024 m'malo mwa la nambala 23/2007, limalola kampani kuchepetsa antchito pa zifukwa za chuma kapena za kusintha kwa makina, koma limafuna kuti wantchito adziwitsidwe ndi kalata nthawi isanakwane, kuti sindikato ndi unduna wa za ntchito zidziwitsidwe, ndi kuti chipukuta misozi chiwerengedwe potsata zaka zimene munthu wagwira. Vuto limakhala pa njira zozembera. Wantchito amaitanidwa yekha mu ofesi, chitseko chotseka, nkupatsidwa pepala loti asaine kuti wachoka mwa kufuna kwake. Wina amasamutsidwa kupita kutali ndi banja lake kuti atope yekha. Wina amapatsidwa chiwerengero cha makasitomala atsopano chimene sangachikwanitse, kuti papezeke chifukwa. Oyendera za ntchito a m'chigawo cha Tete ayenera kuyang'ana zimenezi ndi maso awiri, ndipo wantchito asasaine pepala lililonse tsiku lomwelo asanalionetse kwa sindikato kapena kwa wodziwa malamulo.

Antchito a m'mabanku ali ndi sindikato yawo, SNEB. Sindikato imakhala ndi mphamvu pamene anthu alowamo zinthu zili bwino. Wolowa kalata itafika kale ali ngati wokumba chitsime nyumba ikuyaka. Nkhanga zinapangana kusanache. Sindikato iyenera kuumirira kuti banku ikafuna kuchepetsa anthu inene poyera kuti ndi angati, pa chifukwa chanji, ndipo mayina adzasankhidwa motani, kuti pasakhale mpata wochotsa amene anakana kudinda pepala loipa nkusunga mwana wa mlongo wa mkulu. Mphekesera zimapweteka kuposa kalata yeniyeni, chifukwa kalata imagwera anthu 50 koma mphekesera imadwalitsa anthu 1,000. Iyeneranso kuumirira kuti amene ntchito yake yatengedwa ndi makina ayambe waphunzitsidwa ina, ndipo ntchito yoyendera alimi m'midzi ikadalipo yambiri yosowa oigwira.

Banco de Moçambique nayonso ili ndi gawo lake. Pamene ikuvomereza kuti banku igulitsidwe kapena iphatikizidwe ndi ina, ifunse za tsogolo la antchito ndi la nthambi za m'madisitiritu, ndipo mayankho ake amveke kwa anthu. Ikhazikitse njira yodalirika imene kalaliki woona zachinyengo angauzire oyang'anira popanda dzina lake kufika kwa mkulu wake. Ndipo banku iliyonse imene ikunena kuti ndalama zaivuta iyambe yalondola angongole ake akuluakulu ndi kuchepetsa magalimoto ndi mphatso za akuluakulu ake, isanafike pa mlonda, dalaivala ndi kalaliki.

Anthu a kumudzi nawonso ali ndi pogwira. M'makhonsolo a m'madisitiritu, kumene mafumu, anyakwawa ndi oimira alimi amakhala pamodzi ndi administradore, nkhani ya nthambi ya banku ifunsidwe nthawi isanathe. Bicha ikayamba kutalika ndipo akalaliki akuchepa, imeneyo ndi nthawi yofunsa, chitseko chisanakhomedwe. Magulu a alimi a fodya, mbatata ndi soya amene amasungitsa ndalama zawo pamodzi ali ndi mawu amene banku imawamva, chifukwa banku imamva chiyankhulo cha ndalama. Aliyense asunge malisiti ake bwino, ndipo asapereke kangachepe kwa kalaliki kuti amudumphitse bicha, pakuti kangachepe kameneko ndi kamene kamaphunzitsa munthu kudinda mapepala oipa. Mabanja amene ali ndi mwana ku banku asamuone ngati chitsime chosaphwa. Amulole asungeko zina, ndipo munda wake kumudzi usagawidwe, chifukwa tsiku lina angadzaufune.

Mlimi ndi kalaliki amaonana kudzera pa galasi, wina kunja wina mkati, ndipo aliyense amaganiza kuti mnzake sadziwa mavuto ake. Koma mu 2001 ndi mu 2016 onse awiri analipira ngongole imene sanadye. Mlimi amafuna kuti ndalama za thukuta lake azipeze pamene anazisiya, ndipo zimenezi zimatheka ngati munthu wa kuseri kwa galasi angathe kukana pepala loipa lero nkupezabe mpando wake mawa m'mawa.